Mmene mungayezere pakompyuta katundu amene khosi limasenza

Munthu akaweramira foni kwa ola lathunthu n'kudzuka akusisita pankhongo, amadziwa kuti pena pake patopa, koma sangakuuzeni kuti ndi fupa liti kapena mnofu uti umene wasenza zochuluka. Ngakhale dokotala sangalowetse sikelo pakati pa mafupa a khosi la munthu wamoyo. N'chifukwa chake timamanga khosi lina pakompyuta, loti tikhoza kulipinda, kulipotokola, kuliveka chisoti cholemera kapena kuligwedeza ngati pa ngozi ya galimoto popanda womva ululu. Khosi lapakompyuta limeneli timalitcha modelo.

Malangizowa ndalembera wophunzira uinjiniya, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, kapena aliyense amene ali ndi laputopu ndiponso sachita mantha ndi masamu. Ndikuchenjezeretu chinthu chimodzi: kompyuta sikana kuyankha. Mukaipatsa manambala olakwika idzakutulutsiranibe chithunzi chokongola, chofiira apa, chobiriwira apo, ndipo mudzakhulupirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho pa sitepe iliyonse ndizikuuzaninso mmene mungadziwire ngati yankho likuyenera kulikhulupirira.

Yambani ndi funso limodzi

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, lembani funso lanu pa pepala m'chiganizo chimodzi. "Ndikufuna kumvetsa khosi" si funso. Funso ndi ngati ili: "Munthu akaweramitsa mutu madigiri 45 atavala chisoti cha makilogalamu 1.5, ndi mphamvu yochuluka bwanji imene imapanikiza pakati pa fupa lachisanu la khosi (C5) ndi lotsatira lake (C6)?" Funso lotere limakuuzani lokha mbali ya khosi yofunika kuisamala, nambala yoti mutulutse, ndi zimene mungasiye. Modelo yoyankha za kutopa kwa minofu pa desiki siyankha za kuthyoka kwa khosi pa ngozi, ndipo amene amafuna modelo imodzi yoyankha zonse amatha chaka asanapeze nambala ndi imodzi yomwe.

Dziwani chimene mukufanizira

Khosi lili ndi mafupa asanu ndi awiri, C1 mpaka C7. Gwirani pankhongo panu mutawerama: kafupa kotumphuka m'munsi mwa khosi kawirikawiri ndi C7. Awiri apamwamba safanana ndi anzawo. C1, lotchedwa atlas, lili ngati mphete ndipo chigaza chimakhala pamenepo. C2, lotchedwa axis, lili ndi kamsomali koloza m'mwamba kamene C1 limazungulirapo. Pafupifupi theka la kutembenuka konse kwa mutu, mukamacheukira kumanja kapena kumanzere, limachitikira pa mfundo imodzi imeneyi. Pakati pa chigaza ndi C1 palibe disiki (kakhushoni kofewa kolekanitsa mafupa a msana), pakati pa C1 ndi C2 palibenso. Disiki yoyamba ili pakati pa C2 ndi C3. Ndimatsindika zimenezi chifukwa ongoyamba kumene ambiri amakopera mfundo imodzi kasanu ndi kawiri, n'kupeza khosi losatha kucheuka.

Kuyambira C3 kutsika, fupa lililonse limakumana ndi linzake malo atatu akuluakulu: disiki kutsogolo, ndi timfundo tiwiri ta facet kumbuyo, topendekeka pafupifupi madigiri 45. Kupendekeka kumeneku n'kumene kumachititsa kuti mukapendeketsa mutu kumbali, khosi lizipotokolanso pang'ono lokha. Modelo yanu ikapanda kusonyeza kuyendera limodzi kumeneku, dziwani kuti timfundo ta facet simunatiike bwino.

Kenako pali maligamenti, mitsempha yolimba imene imamanga fupa ku fupa, ndi minofu yoposa makumi awiri mbali iliyonse. Simuyenera kuloweza yonse lero, koma iyi muidziwe: sternocleidomastoid, umene umatumphuka m'mbali mwa khosi mukacheuka, semispinalis ndi splenius, imene imakokera mutu kumbuyo, trapezius wofika m'mapewa, ndi longus colli wobisika kutsogolo kwa mafupa.

Pepala ndi pensulo kaye

Sitepe iyi ndi imene anthu amaidumpha, komatu ndi imene idzakupulumutseni. Werengerani ndi manja yankho loyerekeza musanafunse kompyuta.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Chulukitsani ndi 9.81, nambala ya mphamvu yokoka ya dziko, ndipo mupeza ma newton 49 okokera pansi (newton ndi muyezo wa mphamvu). Koma mutu sukhala ndendende pamwamba pa mafupa a khosi. Pakati pa kulemera kwake pali kutsogolo pang'ono. Ndiye kuti umafuna kugwera kutsogolo nthawi zonse, monga mumaonera munthu akamasinza. Mphamvu yopotokola imeneyi imatchedwa moment, ndipo imagwira ntchito ngati sipanala: chogwirira chikatalika, mphamvu yopotokola imakula ngakhale dzanja likukankha chimodzimodzi.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala osavuta. Munthu wakhala tsonga, ndipo pakati pa kulemera kwa mutu pali masentimita 2 kutsogolo kwa mfundo imene tikuyeza. Moment ndi 49 kuchulukitsa ndi 0.02, pafupifupi newton-mita imodzi. Minofu ya kumbuyo iyenera kubweza moment imeneyi, ndipo tinene kuti imadutsa masentimita 4 kumbuyo kwa mfundoyo. Ikoke ma newton 25. Tsono apa ndi pamene pagona nkhani: mnofu ukamakoka chigaza kumbuyo, umachikokeranso pansi, n'kupanikiza mafupa. Choncho mfundoyo ikusenza 49 kuphatikiza 25, omwe ndi ma newton 74.

Tsopano aweramitse mutu madigiri 45, ndipo mtunda uja ukule kufika masentimita 8. Moment yafika 3.9. Minofu ikoke ma newton 98. Pa kulemera kwa mutu, gawo loyenda motsatira khosi latsika kufika pafupifupi 35, chifukwa lina likukankhira mafupa kutsogolo. Kupanikiza konse ndi pafupifupi 133, ndipo magawo atatu mwa anayi akuchokera ku minofu. Mutu sunalemere ndi galamu imodzi yomwe. Chimene chasintha ndi kukoka kwa minofu.

Sinthani nambala imodzi yokha: minofu idutse masentimita 3 m'malo mwa 4. Kukoka kwake kukwera kufika 131, ndipo kupanikiza kufika 166. Sentimita imodzi yasintha yankho ndi gawo limodzi mwa anayi. Sungani pepala limeneli pafupi. Kompyuta ikadzakuuzani 20 kapena 5,000 pa kakhalidwe komweka, mudzadziwa pomwepo kuti pali cholakwika.

Mwina munamvapo kuti kuweramira foni madigiri 60 kuli ngati kusenza makilogalamu 27. Nambala imeneyo inachokera m'nkhani ya dokotala wa msana Kenneth Hansraj ya mu 2014, ndipo inatuluka mu modelo yapakompyuta, osati poyeza anthu amoyo. Mfundo yake yakuti katundu amakula mukawerama ndi yoona, koma nambala yeniyeniyo imadalira zimene wolemba anaganizira zokhudza mtunda ndi minofu, monga mwaoneramu.

Sankhani mtundu wa modelo

Ilipo mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba umatenga mafupa ngati zinthu zolimba zosapindika, zolumikizidwa ndi mfundo, ndipo minofu imakhala ngati zingwe zokoka. Umathamanga msanga ndipo umayankha kuti mnofu uti ukukoka zingati, mfundo iti ikusenza zingati. Pulogalamu yodziwika ya mtundu umenewu ndi OpenSim, yopangidwa ku Stanford University ndipo inatulutsidwa mu 2007, ndi yaulere. Palinso AnyBody ya ku Aalborg ku Denmark, yomwe ndi yogula.

Mtundu wachiwiri ndi finite element. Umaduladula fupa ndi disiki kukhala tizidutswa masauzande ambirimbiri n'kuwerengera mmene kachidutswa kalikonse kakufinyikira. Umayankha kuti m'kati mwa disiki ndi mbali iti imene ikupanikizika kwambiri, kapena chitsulo chimene dokotala waika pa opaleshoni chikusintha bwanji katundu wa mfundo zoyandikana nazo. FEBio, yopangidwa ndi akatswiri a University of Utah ndi Columbia University, ndi yaulere ndipo inapangidwira ziwalo za thupi. Abaqus, Ansys ndi LS-DYNA ndi zogula. Yomalizayi ndi imene amagwiritsa ntchito kwambiri pa za ngozi za galimoto.

Malangizo anga ndi akuti muyambe ndi woyamba ngakhale cholinga chanu chili pa wachiwiri. Modelo ya finite element imafuna muiuze mphamvu zoti isenze, ndipo mphamvuzo, monga taona, zimachokera ku minofu.

Tengani modelo imene ilipo kale, muifananitse ndi munthu wanu

Musayambe kumanga kuchokera pansi. Mu 1998 Anita Vasavada, Siping Li ndi Scott Delp anafalitsa modelo ya minofu ya khosi imene mpaka lero ambiri amayambirapo. Mu 2017 Dario Cazzola ndi anzake ku University of Bath anaikulitsa kuti aphunzire za osewera rugby, ndipo mu 2018 Jonathan Mortensen ndi anzake anawonjezera minofu ya pansi pa chibwano, imene imathandiza kuweramitsa mutu. Mamodelo a OpenSim amapezeka pa webusayiti ya SimTK, ndipo mafayilo ake amathera ndi .osim.

Mukatsegula, musathamangire kuwerengera. Yendetsani mfundo iliyonse ndi mausi kuchokera kumapeto kufika kumapeto, mukuyang'anitsitsa zingwe za minofu. Kodi pali chingwe chimene chikuboola fupa mutu ukawerama? Kodi pali chimene chikulumpha mwadzidzidzi kuchoka mbali imodzi kupita ina? Mnofu weniweni umakuta khosi mokhota, ndipo mu modelo izi zimatheka ndi timfundo toyimikapo chingwe kapena zinthu zozungulira zoti chingwe chikulunge. Jambulani galafu ya moment arm, kutanthauza mtunda uja wa mnofu kuchokera pa mfundo, mutu ukuwerama pang'onopang'ono. Mzere uzikhala wosalala. Ukakhala ndi mano ngati sowo, konzani musanapitirire.

Kenako gwiritsani ntchito chida cha mu OpenSim chotchedwa Scale kuti modelo ifanane ndi munthu amene mukuyeza. Muyeze kutalika kwa khosi, kukula kwa mutu ndi kulemera kwa thupi. Apa pali msampha: chidachi chimatalikitsa mafupa ndi minofu koma sichisintha chokha mphamvu imene mnofu ungakoke. Zimenezo muyenera kusintha nokha. Ndipo khosi la mkazi si khosi la mwamuna lochepetsedwa. Kafukufuku wasonyeza kuti ngakhale mwamuna ndi mkazi atafanana msinkhu, mafupa a khosi la mkazi amakhala ang'onoko ndipo minofu yake imakoka mocheperapo poyerekeza ndi kulemera kwa mutu. Kwa zaka zambiri mamodelo ankamangidwa potengera thupi la mwamuna, ndipo ine ndimaona kuti limeneli linali vuto lalikulu, makamaka chifukwa akazi amavulala khosi kawirikawiri galimoto ikawombedwa kumbuyo.

Onetsetsaninso miyezo. OpenSim imawerenga mamita, makilogalamu ndi masekondi, ndipo X amaloza kutsogolo, Y m'mwamba, Z kumanja. Makamera ambiri ojambula kayendedwe ka thupi amatulutsa mamilimita, ndipo kwa iwo Z ndiye amaloza m'mwamba. Mukaiwala kutembenuza, munthu wanu aonekera atagona pansi ndipo kulemera kwa mutu kudzakoka cham'mbali.

Ipatseni kayendedwe

Ngati funso lanu ndi la kakhalidwe kosasuntha, monga kuweramira foni, chithunzi chojambulidwa cham'mbali n'chokwanira. Matani tizizindikiro pa C7, pa kanyama ka pakhomo pa khutu, ndi pa ngodya ya diso. Yezani ngodya za mutu ndi za khosi padera, chifukwa munthu akhoza kuweramitsa mutu khosi lili chilili, kapena kutulutsa chibwano kutsogolo maso ali njo. Makhalidwe awiriwa amasenzetsa mfundo zosiyana.

Ngati munthuyo akuyenda kapena kucheuka, mufunika makamera kapena timasensa tomata pathupi. Lowetsani fayilo ya .trc, yosunga mmene tizizindikiro tayendera, mu chida cha Inverse Kinematics kuti mupeze ngodya za mfundo, ndipo muzisefe kuti phokoso lichoke; pa kayendedwe wamba ambiri amasefa pa 6 Hz (maulendo 6 pa sekondi), koma pa kugunda kwadzidzidzi sefa yotere imafafaniza chinthu chomwe mukufunacho. Dziwaninso kuti kamera siona fupa la C4, imaona khungu. Mamodelo ambiri amagawa kuwerama konse pakati pa mfundo potsatira magawo okhazikika, ena a kumtunda, ena a kumunsi. Kagawidweko ndi kongoyerekeza, ndipo mudzakalembe poyera mu lipoti lanu.

Gawani ntchito pakati pa minofu

Apa m'pamene pali vuto limene masamu okha sangathetse. Minofu ndi yambiri kuposa njira zimene khosi limayendera, choncho pali njira zosawerengeka zogawira ntchito imodzimodziyo. Chida cha Static Optimization chimasankha imodzi: imene minofu yonse pamodzi ikuvutikira pang'ono kwambiri. Mnofu uliwonse mu modelo umatsatira maganizo amene anayamba ndi A. V. Hill mu 1938, akuti mphamvu yake imadalira kutalika kwake, liwiro limene ukufupikira, ndi kuchuluka kwa mmene ubongo waudzutsira, kuchokera pa 0 kufika pa 1.

Mukamaliza, tsegulani galafu ya kudzuka kwa minofu. Ngati munthu wangokhala phee koma semispinalis ili pa 1, ndiye kuti modelo yanu ndi yofooka kwambiri kapena mutu mwaulemeretsa. Onaninso ma reserve actuator, timphamvu tothandizira timene pulogalamu imawonjezera minofu ikalephera. Tizikhala tating'ono. Tikamasenza theka la moment, ndiye kuti khosi likuimitsidwa ndi mphamvu imene m'thupi mulibe, ndipo kupanikiza kumene mupeze kudzakhala kochepa kuposa kwenikweni.

Chofooka china cha njirayi n'chakuti imaganiza kuti thupi silikonda kuwononga mphamvu. Munthu weniweni amene ali ndi mantha, kapena akumva ululu, kapena akuyembekezera kugundidwa, amaumitsa khosi: minofu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo imakokera limodzi. Mutu susuntha, koma mafupa akupanikizika kwambiri. Yesani nokha pompano, umitsani khosi mutakhala tsonga, mumva. Static Optimization siona zimenezi. Ngati muli ndi makina a EMG oyeza timagetsi ta m'minofu, matani pa sternocleidomastoid ndi pa minofu ya pankhongo, muyerekeze nthawi imene mnofu weniweni ukudzuka ndi imene modelo ikunena. Ngati mulibe, tengani yankho lanu ngati malire a m'munsi.

Tulutsani katundu wa pa mfundo

Chida chake ndi JointReaction. Ndikuuzani zimene zinandichitikira pamene ndinkayamba. Ndinayendetsa zonse bwinobwino, n'kupeza kuti munthu akawerama kupanikiza pa C5–C6 kukutsika. Ndinakondwa, ndikuganiza kuti ndatulukira chachilendo, mpaka ndinayamba kulemba zifukwa zake. Patapita masiku awiri ndinaona pepala langa lija pansi pa kiyibodi, pakona yake nditalembapo 133 n'kuzunguliza. Kompyuta inali kunena 38. Nditafufuza, ndinapeza kuti bokosi lolowetsapo fayilo ya mphamvu za minofu ndinalisiya lopanda kanthu. Pulogalamu inawerengera kulemera kwa mutu kokha, ndipo sinadandaule chilichonse.

Choncho lozani chidachi ku fayilo ya .sto ya mphamvu yochokera ku Static Optimization. Chiuzeninso kuti mphamvu izionetsedwa potengera fupa lenilenilo, osati potengera pansi. Apo ayi kupanikiza ndi kukankha cham'mbali zidzasakanikirana khosi likapendekeka. Mupeza manambala atatu a mphamvu: yopanikiza motsatira khosi, yokankhira fupa kutsogolo kapena kumbuyo pamwamba pa linzake, ndi ya kumbali. Lembani onse atatu. Yachiwiriyo anthu amainyalanyaza, komatu ndi imene timfundo ta facet timalimbana nayo.

Ngati mukufuna kuona m'kati mwa disiki

Tsopano tifike ku finite element. Mufunika sikani ya CT ya mafupa, ndipo MRI imathandiza pa madisiki. Musajambulitse munthu wabwinobwino CT chifukwa cha modelo yokha, popeza imakhala ndi cheza. Gwiritsani ntchito zithunzi zimene zilipo kale ndi chilolezo, mutachotsamo dzina ndi tsiku lobadwa, zomwe zimabisala m'mafayilo a zithunzizo, otchedwa DICOM. Zoyeserera mungatenge ku Visible Human Project ya National Library of Medicine ya ku United States, imene inatulutsa thupi la mwamuna mu 1994 ndi la mkazi mu 1995.

Tsegulani zithunzizo mu 3D Slicer, yomwenso ndi yaulere, mupatule fupa lililonse. Ntchito yotopetsa ili pa timfundo ta facet, pamene mpata ndi wochepa kwambiri moti kompyuta imamatirira mafupa awiri pamodzi. Pamenepo muyenera kudutsa chithunzi ndi chithunzi, mukufufuta ndi dzanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Salazani pang'ono chabe. Mukasalaza kwambiri mudya fupa ndipo mpata wa mfundo udzakula.

Yambani ndi mfundo imodzi, mafupa awiri ndi disiki yake, musanalote za khosi lonse. Perekani kulimba kwa chinthu chilichonse. Chikhokho cholimba cha kunja kwa fupa ambiri amachipatsa 10,000 mpaka 12,000 MPa (megapascal, muyezo wa kulimbako), pamene fupa la m'kati longa siponji limapatsidwa mazana ochepa okha. Pakati pa disiki pali chinthu chonga phala chodzaza madzi, chimene chimasintha maonekedwe koma sichifinyika, ndipo chazunguliridwa ndi mphete ya ulusi wopingasana. Maligamenti muwaike kuti azikoka kokha, asamakankhe, ndiponso azikhala olobodoka poyamba n'kumalimba akamakokedwa. Kulobodoka koyambirira kumeneku n'kumene Manohar Panjabi anakutcha neutral zone, ndipo modelo yopanda iko imakhala youma ngati thabwa. Pa timfundo ta facet ikani kukhudzana koterereka.

Popeza CT imabwera m'mamilimita, kulimba kukhale mu MPa, mphamvu mu newton, ndipo moment ya newton-mita imodzi muilembe 1,000. Kulemera kukhale m'matani. Mapulogalamu ambiri a mtundu uwu safunsa za miyezo; amangokhulupirira kuti mwagwirizanitsa nokha.

Khomerani pansi pa fupa la m'munsi kuti pasasunthe, katundu mumuike pamwamba. Koma mukadzafika pa khosi lonse, samalani ndi mmene mukuikira kupanikiza. Panjabi ndi anzake anasonyeza mu 1998 kuti khosi lochotsedwa minofu limapindika ndi katundu wa ma newton pafupifupi 10.5 woikidwa molunjika pamwamba, wocheperatu kuposa kulemera kwa mutu. Mu 2000 Avinash Patwardhan ndi anzake anasonyeza kuti katundu akamatsatira kukhota kwa khosi, kudutsa pakati pa mfundo iliyonse, khosi lomwelo limasenza ma newton 250 osapindika. Umu ndi mmene minofu imachitira m'thupi. Choncho ikani kupanikiza kotsatira kukhota, komwe amakutcha follower load, kapena lowetsani mphamvu za mnofu uliwonse zochokera ku OpenSim.

Pomaliza pa gawoli, chepetsani kukula kwa tizidutswa ndi theka muyendetsenso. Yankho likasintha kwambiri, chepetsaninso. Ambiri amaima kusiyana kukatsika pansi pa 5 peresenti. Ndipo musakhulupirire kadontho kofiira kamene kali pomwe mwakhomera kapena pakona yakuthwa. Kufiira kumeneko n'kwa masamu, osati kwa fupa.

Iyeseni ndi zimene ena anayeza

Modelo imene sinayerekezedwe ndi zoyezedwa zenizeni sinakonzeke kuyankha funso lanu. Akatswiri anayeza makosi a mitembo yoperekedwa ku kafukufuku, akumaika moment ya newton-mita imodzi kapena ziwiri n'kuyeza madigiri amene mfundo iliyonse yapindika. Chitani chimodzimodzi pa modelo yanu: kuwerama, kugadamira, kupendekera kumbali, kucheuka. Yerekezani mzere wonse wa galafu, osati nambala yomaliza yokha, chifukwa mizere iwiri ikhoza kukumana kumapeto koma itadutsa njira zosiyana. Pa modelo ya minofu, yerekezani moment yaikulu imene ingatulutse ndi imene anthu amoyo amatulutsa akamakankha mutu pa choyezera. Khosi limakhala lamphamvu pokankhira kumbuyo kuposa kutsogolo, ndipo modelo yanu isonyeze zomwezo.

Pali chinyengo chimodzi chimene munthu amadzichitira osadziwa: kusintha kulimba kwa maligamenti mpaka modelo igwirizane ndi kafukufuku wina, kenako n'kugwiritsa ntchito kafukufuku yemweyo ngati umboni. Sungani zoyezedwa zina padera zimene modelo sinazionepo. Ngati ntchito yanu ikukhudza chipangizo choikidwa m'thupi la wodwala, werengani muyezo wa V&V 40 wa mu 2018 wa bungwe la mainjiniya la ASME, umene mfundo yake ndi yakuti umboni uzikula molingana ndi kuopsa kwa chisankho chodalira modeloyo.

Kenako gwedezani manambala amene simukuwadziwa bwino. Onjezerani kulemera kwa mutu ndi 10 peresenti, sunthani pakati pa kulemera kwake sentimita imodzi, limbitsani disiki, fewetsani disiki, chimodzi pa nthawi. Mudzapeza kuti ena sasintha kanthu, pamene awiri kapena atatu akulamulira yankho lonse. Nthawi yanu yotsala ipite kwa amenewo.

Powerenga zotsatira, samalani ndi malire amene mukuyerekeza nawo. Pa mayeso a ngozi za galimoto ku United States, khosi la chidole cha Hybrid III choimira mwamuna wa msinkhu wapakati lisapanikizike kuposa ma newton 4,000 kapena kukokedwa kuposa 4,170. Poona izi, 133 wathu uja akuoneka ngati si kanthu. Koma malire amenewo ndi a kuvulala kwa kanthawi kosakwana sekondi. Woweramira desiki amasenza katundu wake wochepayo maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo funso lake ndi la kutopa kwa minofu ndi kuphwa pang'onopang'ono kwa madzi a m'disiki. Pa ngozi pali mamodelo a thupi lonse opangidwira zimenezo, monga THUMS ya Toyota imene inayamba kuperekedwa kwaulere mu 2021.

Modelo imaneneratu bwino kusiyana kwa makhalidwe awiri kuposa mmene imaneneratu nambala yeniyeni. Kunena kuti kukweza sikirini kufika pa msinkhu wa maso kwachepetsa kupanikiza pa C5–C6 ndi gawo limodzi mwa atatu n'kodalirika kuposa kunena kuti kupanikizako ndi ma newton 141.7. Ndiponso katundu si ululu. Anthu awiri osenza zofanana, wina amadandaula, wina ayi. Wodwala amene dzanzi likutsikira m'manja kapena mikono ikufooka apite kwa dokotala, asadikire galafu yanu.

Mu lipoti, pambali pa nambala iliyonse lembani modelo imene mwagwiritsa ntchito ndi mtundu wa pulogalamu, kulemera kwa mutu kumene munaika, mmene munagawira kuwerama pakati pa mfundo, kukula kwa ma reserve actuator, ndi mmene yankho linasinthira mutagwedeza manambala aja. Ikani mafayilo onse a makonzedwe mu foda imodzi, mupatse mnzanu amene sanakhalepo pa ntchitoyi, ayendetse pa kompyuta yake inu mulibe, kenako muyerekeze nambala yake ya C5–C6 ndi yanu.